ANA ATHU ASAFE IFE TILI M'MUNDA

(Mau amene adalankhulidwa pa chikondwerero cha chaka cha Amayi a Mvano a m'mipingo ya ku maesiteti a tiyi, m'boma la Thyolo)



Poyamba tithokoze Mulungu amene watisunga chaka china chathunthu ndi kutisonkhanitsa pano tili amoyo. Ena mwa inu mwalaŵira m'bandakucha kuchokera ku Makwasa, ena ku Bvumbwe, ena ku Luchenza, ndipo ena mwakwera zitunda kuchokera ku Thekerani. Ambuye akudalitseni chifukwa cha khama lanu.

Tsiku la chikondwerero ndi tsiku la nyimbo ndi kuseka, ndipo mwina ena adabwa pakumva kuti ife tasankha kulankhula za imfa za ana. Tikupempha kuti mutilole. Pakuti mutatsegula buku la mlembi wa Mvano pa mpingo uliwonse, mudzapeza kuti ntchito imene tagwira kaŵirikaŵiri ndi ya pa maliro, ndipo ambiri mwa mabokosi amene taŵayimbira nyimbo adali aafupi, onyamulika ndi munthu mmodzi. Sitingakondwere mokwanira ngati sitifunsana kuti tichitenji kuti mabokosi otere achepe.

MKAZI WA KU SUNEMU

Mau amene atiŵerengera achokera pa 2 Mafumu 4, ndime 18 mpaka 37. Tamva za mwana amene adatsatira atate ake kumunda nthaŵi yokolola, nayamba kudandaula mutu. Atate ake, pokhala ndi ntchito yambiri, adangotuma wantchito kuti akamtule kwa amake. Pamene dzuŵa linkafika paliwombo, mwanayo adali atatsirizika. Koma mayi uja sadakhale pansi kuyembekeza kuti anthu asonkhane. Adakonzetsa bulu, ndipo ngakhale mwamuna wake adamfunsa chifukwa chake ankapita pa tsiku losakhala la mapemphero, iye adanyamuka ulendo wofulumira kunka kwa Elisa ku phiri la Karimeli.

Tigwirepo zinthu zitatu. Choyamba, tsokali lidagwa nthaŵi yokolola, pamene akulu onse adali otanganidwa. Chachiŵiri, matendawo sadatenge mwezi kapena sabata, adangotenga maola ochepa. Chachitatu, mayiyo sadazengereze. Amayi anzathu, nkhani imeneyi ikanatha kulembedwa kuno ku Thyolo, pakuti nafenso tili ndi nyengo yathu yokolola, ndipo ana athu amadwala m'maŵa ife tili m'munda.

KUMENE TACHOKERA

Agogo athu amene mwakhala kutsogoloku mukukumbukira masiku amene mayi ankabereka ana asanu ndi atatu nkutsala ndi anayi. Mukukumbukira chikuku chikaloŵa m'komboni, momwe manda atsopano ankandandalikira. Mukukumbukira kafumbata amene ankaumitsa khanda lisanathe sabata, ndi chifuŵa chokoka mtima chimene chinkagoneka anthu maso usiku wonse. Maina onga Manda, Maliro ndi Nditani sadali ongopeka. Adali kulira kwa makolo amene adatopa ndi kuika ana.

Kafukufuku wa Boma wa m'chaka cha 1992 adapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malaŵi muno, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Kumeneko ndi kunena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi aliwonse. M'chaka cha 2000 chiŵerengerocho chidatsikira pa 189, mu 2004 pa 133, mu 2010 pa 112, ndipo kafukufuku wa 2015 ndi 2016 adapeza 63, ndiko kuti mwana mmodzi mwa 16. Dziko lathu, losauka monga liliri, lidali limodzi mwa maiko ochepa a mu Africa amene adakwanitsa kuchepetsa imfa za ana ndi magawo aŵiri mwa atatu chisanathe chaka cha 2015, monga adapanganirana maiko onse. Pa dziko lonse lapansi ana oposa mamiliyoni 12 adamwalira mu 1990, pamene mu 2022 adali mamiliyoni 4.9. Pa zimenezi tiyenera kuyamika Mulungu.

Koma chiŵerengero sichitonthoza mayi amene mwana wake ali mmodzi mwa otsala aja. Maiko adapangananso kuti pofika 2030 imfazi zisapitirire 25 pa ana 1,000 aliwonse. Ulendo ukadalipo.

KODI ZIDATHEKA BWANJI?

Munthu angaganize kuti imfazi zidachepa chifukwa tidamanga zipatala zazikulu zambiri. Zipatala nzofunika, ndipo tikuthokoza chifukwa cha chipatala cha boma ku Thyolo, cha Malamulo ku Makwasa, ndi tizipatala ta m'maesiteti. Komatu chinthu chachikulu chidali chakuti chithandizo chidatuluka m'chipatala ndi kutsatira anthu kumudzi, ndipo m'ntchito imeneyi Akhristu sadatsalire m'mbuyo.

Sikelo ya ana imene timapitako mwezi ndi mwezi idakhazikika chifukwa cha ntchito ya dokotala wina, David Morley, amene adafika ku Nigeria mu 1956 kukatumikira pa chipatala cha mpingo wa Methodist ku Ilesha. M'mudzi wa Imesi-Ile iye adaona kuti ana ambiri ankafa ndi matenda opeŵeka, ndipo adayambitsa mwambo woyeza ana pa sikelo ndi kulemba kulemera kwao pa kadi imene mayi amasunga yekha. Ku India, m'chaka cha 1970, banja lina la madokotala Achikhristu, Raj ndi Mabelle Arole, lidakakhala ku Jamkhed ndi kuphunzitsa amayi a m'midzi, ambiri mwa iwo osadziŵa kulemba ndi kuŵerenga, kuti akhale oyang'anira umoyo wa anzao. Imfa za makanda zidatsika koposa. Ntchito zonga zimenezi ndizo zidatsegula maso a akuluakulu, kotero kuti mu September 1978 maiko 134 adakomana ku Alma-Ata ndi kuvomerezana kuti chithandizo choyamba chizipezeka pafupi ndi pamene anthu akhala.

Kwathu kuno ntchitoyi ili m'manja mwa alangizi a zaumoyo, amene ena amangoŵatchula kuti adokotala a m'mudzi. Iwo adayamba ngati otemera nthomba, kenaka ngati olimbana ndi kolera amene adabuka mu 1973. Lero ndiwo amene amatemera ana, kuŵayeza pa sikelo, ndi kuyendera zitsime ndi zimbudzi. Kuyambira 2008 Boma lidayamba kuŵaphunzitsa kuti m'madera akutali ndi chipatala azitsegula tizipatala ta m'mudzi, pamene mwana wa miyezi iŵiri kufikira zaka zisanu amalandira mankhwala a malungo, a chibayo ndi a kutsegula m'mimba, osalipira kanthu.

Ife a ku Thyolo tili ndi umboni wathuwathu. Pamene Edzi inkatha anthu m'makomboni, bungwe la madokotala la MSF lidafika m'boma lino mu 1997, ndipo mu 2003 mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa. Madokotala adali ochepa, chotero ntchito idagaŵidwa kwa anamwino, alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka a m'midzi, ena mwa iwo amayi a m'mipingo yathu. Pofika 2007 ambiri mwa ofunika mankhwalawo adali akulandira, ndipo maiko ena adaphunzira za Thyolo. Mu 2011 Malaŵi lidakhala dziko loyamba kulamula kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala pomwepo ndi kuŵamwa moyo wake wonse. Ana ambiri amene akuyimba m'kwaya ya Sande Sukulu lero adabadwa opanda kachilombo chifukwa cha lamulo limenelo.

Tsono taonani, mankhwala afika pafupi. Chimene chikutilanda ana tsopano kaŵirikaŵiri ndi kuchedwa.

NYENGO YA TIYI

Inu nonse mukudziŵa kuti tiyi amaphuka kwambiri mvula ikagwa, kuyambira December kufikira April. Imeneyo ndiyo nyengo imene ntchito imapezeka, ndipo mayi aliyense amafuna kudzaza dengu kuti apeze ya ufa, ya sopo ndi ya sukulu. Koma miyezi yomweyo ndiyo imene udzudzu umaswana m'zithaphwi, madzi a m'zitsime amada, ndipo nkhokwe zimakhala zitatha. Kuno malo olima ndi ochepa, ndipo nthochi zimene zinkatithandiza zidaonongeka ndi matenda a chisaka. Chotero malungo, kutsegula m'mimba ndi njala zimafika pakhomo mwezi umodzi ndi tiyi. Mwana amafuna amake koposa pa nthaŵi imene amake sapezeka.

Mayi amadzuka kusanache, amaphika phala mofulumira, amasiya khanda m'manja mwa kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziŵiri kapena mwa agogo amene maso adayamba kuchita chidima. Akabwerako madzulo msana uli kuŵaŵa, mpamene amakhudza mwana ndi kuzindikira kuti thupi latentha. Sitikunena izi pofuna kudzudzula munthu. Palibe mayi amene amasiya mwana chifukwa chosamkonda. Umphaŵi ndiwo umatilekanitsa ndi ana athu.

Tiloleni tikuuzeni chimene chidatichitikira pa komboni ina, imene sititchula dzina lake. Udali mwezi wa February. Mtsikana wina amene adali atangoyamba kuphunzira za Mvano adadzuka napeza mwana wake wa zaka ziŵiri watentha thupi pang'ono. Adaganiza zopita naye kwa alangizi, koma adaopa kutaya tsiku, pakuti m'nyumba mudalibe ufa. Adati adzapita maŵa. Ife oyandikana naye, amene tsiku limenelo tidali pakhomo, tidamuona mwanayo atagona pakhonde masana onse, ndipo tidati ali m'tulo. Palibe mmodzi mwa ife amene adapita kukamkhudza pamphumi. Madzulo adayamba kukomoka. Padapita nthaŵi tikufunsana chochita, ina tikufunafuna njinga, ndipo pofika ku chipatala usiku, adatiuza kuti magazi adali atatha m'thupi chifukwa cha malungo. Kunja kukucha mwana adatisiya.

Pa maliro tidavala zoyera, tidayimba bwino, tidaphika nsima ndi kutunga madzi. Anthu adatiyamikira. Koma mumtima tidadziŵa kuti ntchito imene Mulungu adatipatsa idali ya dzulo lake masana, pamene mwana adali chigonere pakhonde, mayendedwe khumi kuchokera pa khomo lathu. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwaukwau.

Amayi, m'moyo mwathu muli masikelo aŵiri. Pali sikelo ya kumunda, imene imayeza masamba, ndipo palibe mmodzi wa ife amene amalola kuti kapitao alembe makilogalamu ake iye osayang'ana. Tonse timadziŵa pamtima zimene tidathyola dzulo ndi dzana. Ndiye pali sikelo ya ana. Tifunse pano: ndi angati amene tikudziŵa makilogalamu amene mwana kapena mdzukulu wathu adalemera mwezi wathawu? Ndi angati amene tidatsegula buku lake la kuchipatala kuti tione ngati mzere ukukwera kapena ukutsika? Maso amene timayang'anira sikelo yoyamba tiyang'anirenso yachiŵiri.

ZIMENE MAYI ALIYENSE AYENERA KUDZIŴA

Tiyambe ndi malungo. Mwana akatentha thupi, aonedwe ndi alangizi kapena a chipatala tsiku lomwelo, asanapite maola 24. Iwo amatenga kadontho ka magazi pa chala, ndipo m'mphindi zochepa amadziŵa ngati ali malungo. Mankhwala ake ndi LA, amene dziko lathu lidayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, ndipo amamwedwa kaŵiri pa tsiku kwa masiku atatu. Tisasiyire panjira mwana akayamba kuseŵera, ndipo tisasunge otsala kuti tidzapatse mng'ono wake. Panado amaziziritsa thupi, koma sapha malungo. Neti imene tidalandira ndi yogonamo mwana ndi mayi woyembekezera usiku uliwonse, si yotchingira dimba kapena anapiye.

Chachiŵiri ndi chibayo. Chizindikiro chake ndi kupuma mofulumira. Alangizi amaŵerenga mpweya wa mwana kwa mphindi imodzi iye ali phee. Khanda losafika miyezi iŵiri likapuma ka 60 kapena kuposa, mwana wa miyezi iŵiri kufikira chaka akapuma ka 50, kapena wa chaka chimodzi kufikira zaka zisanu akapuma ka 40, ameneyo akudwala chibayo. Ngati pansi pa nthiti pakuloŵa m'kati pamene mwana akukoka mpweya, musadikire kuti kuche. Kutema mphini pa chifuŵa sikuchotsa chibayo, kumangoonjezera chilonda.

Chachitatu ndi kutsegula m'mimba. Chimene chimapha mwana ndi kutha kwa madzi m'thupi. Liwombo likaloŵa, maso akaloŵa m'kati, khungu likatsinidwa nkuchedwa kubwerera, madzi atha. Mankhwala omata paliwombo sabwezera madzi. Tisungunule paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo ndi kumwetsa mwana pang'onopang'ono, ngakhale akusanza. Tipitirize kuyamwitsa ndi kudyetsa, ndipo timpatse zinki kwa masiku onse amene alangizi anena. Tisanene kuti ndi mano chabe. Ku Bangladesh, pakati pa 1980 ndi 1990, amayi a bungwe la BRAC adayenda khomo ndi khomo, makomo oposa mamiliyoni 10, kuphunzitsa anzao kukonza madzi otereŵa, ndipo ana osaŵerengeka adapulumuka. Iwo adalibe galimoto kapena madigiri. Adali ndi miyendo ndi pakamwa, zimene ifenso tili nazo. Tikumbukirenso kolera wa 2022 ndi 2023 amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndi namondwe wa Freddy amene mu March 2023 adagwetsa zimbudzi ndi kuononga zitsime kuno kummwera. Madzi akumwa tiziŵiritsa kapena kuthiramo klorini, ndipo tizisamba m'manja ndi sopo tisanadyetse mwana ndi pamene tamsintha theŵera.

Pali zizindikiro zina zimene zikaoneka, ntchito iliyonse iyenera kuima: mwana akakomoka, akalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akafooka kotero kuti sadzutsika, kapena akatupa mapazi onse aŵiri. Pamenepo dengu litulidwe pansi.

Pa za kutupa tilankhule momasuka, pakuti tili pakati pa amayi. Mwana akatupa mapazi ndi masaya, tsitsi nkusanduka lofiirira, kaŵirikaŵiri timati ndi tsempho, ndipo timayamba kufufuza amene walakwa pakati pa bambo ndi mayi. Pamene tikuzenga mlanduwo masabata akupita. Amayi anzathu, kutupa kumeneko ndi matenda a kusoŵa zakudya m'thupi, ndipo ku chipatala kuli chiponde ndi mkaka wake wochiritsira. Ngati m'banja muli nkhani, abusa ndi ankhoswe alipo, adzaikamba pambuyo. Mwana ayambe wapita ku chipatala.

Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja adapezanso kuti ana 37 mwa 100 aliwonse adali opinimbira. Phala la madzimadzi la ufa woyera limadzaza mimba koma silikuza mwana. Timaphunzitsidwa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo zambiri zili pafupi: nsinjiro, nandolo amene timalima m'mbali mwa chimanga, peyala, mbatata yofiira m'kati, bonongwe, usipa wosinja, ndi dzira pamene lapezeka. Mwana akhale ndi mbale yakeyake, pakuti m'mbale ya onse wamng'ono ndiye amagonja.

Za katemera tisatope nazo. Ntchito yotemera ana m'dziko lonse idakhazikika mu 1979. Katemera wa chibayo adafika mu 2011, wa kutsegula m'mimba mu 2012, ndipo mu April 2019 Malaŵi lidakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana m'maboma ena. Koma tikalekerera, matenda akale amabwerera. Mu 2010 chikuku chidagwira anthu oposa 100,000, ndipo mu 2022 mwana wina ku Lilongwe adapezeka ndi poliyo, matenda amene tinkayesa kuti adatha. Alipo abale athu ena amene amati kutemera mwana ndi kusakhulupirira Mulungu. Tiŵayankhe mwachikondi kuti Mulungu amene amachiritsa ndi yemweyo amene adapatsa anthu nzeru, ndipo mkazi wa ku Sunemu adali ndi chikhulupiriro, komabe adakwera bulu.

MWEZI WOYAMBA

Pali mbali imodzi imene tatsalira kwambiri. Mwa ana 63 aja, 27 adamwalira asanathe mwezi umodzi chibadwire. Masiku oyambirira ndiwo oopsa koposa, ndipo ndi masiku omwe mwambo wathu umati mayi ndi khanda akhale m'chikuta, kumene alangizi ndi anamwino saŵaona. Amene amaloŵa m'chikuta ndife, apongozi, anakubala ndi amayi a Mvano. Chotero zimene ife tidziŵa kapena kusadziŵa ndizo zimasunga kapena kutaya khandalo.

Mayi woyembekezera ayambe sikelo miyezi itatu yoyamba isanathe, osabisa mimba kufikira iwonekere. Masiku akayandikira, wokhala kutali apite ku chidikiro, pakuti misewu yathu ya m'mapiri nthaŵi ya mvula siidalirika. Mwana akabadwa apukutidwe, aikidwe pa chifuŵa cha amake, ndipo ayamwe ola loyamba lisanathe. Mkaka woyamba wachikasu uja si woipa ndipo usafinyidwire pansi, ndiwo chitetezo choyamba cha mwana. Asasambitsidwe tsiku loyamba. Pa mchombo tisapake mwaye, phulusa kapena madzi a zitsamba, koma zokhazo zimene a chipatala apereka. Kwa miyezi isanu ndi umodzi mwana ayamwe bere lokha, popanda madzi, tiyi kapena phala.

M'dziko lathu ana ambiri amabadwa masiku asanakwane. Kale tinkangoti ameneyu si wokhala. Koma kuyambira 1999, pamene chipatala cha Zomba chidayamba njira ya kangaru, taona ana olemera ngati paketi ya shuga akukula ndi kupita ku sukulu. Khanda limamangidwa pa chifuŵa, khungu kukhudza khungu, usana ndi usiku. Mayi akatopa, bambo kapena agogo angalandire. Ndipo khanda likasiya kuyamwa, likazizira kapena kutentha, likachita chikasu, kapena mchombo ukafiira ndi kutuluka mafinya, mwambo wa chikuta usatiletse kutuluka nalo.

ZIMENE TIKUPEMPHA

Ku Mchinji, pansi pa ntchito ya MaiMwana, amayi a m'midzi ankakomana m'magulu kukambirana zimene zimapha amayi ndi makanda kwao, ndi kupangana okha chochita. Zotsatira zake zidalengezedwa mu 2013, ndipo zidaonetsa kuti magulu otere amapulumutsa miyoyo. Iwo adachita kuyambitsa magulu. Ife gulu tili nalo kale, lili ndi atsogoleri, mlembi, msungichuma ndi tsiku lokomana. Chotero tikupempha zinthu zisanu.

Choyamba, Mvano wa pa mpingo uliwonse ulembe maina a amayi oyembekezera ndi ana osafika zaka zisanu a m'dera lake, a mpingo wathu ndi a mipingo ina, Asilamu ndi osapemphera omwe. Mayi aliyense wa Mvano apatsidwe makomo asanu kapena khumi oti aziŵayendera.

Chachiŵiri, m'miyezi ya tiyi tipangane kuti pa mzere uliwonse wa nyumba pazikhala munthu wamkulu mmodzi wotsala, amene adzazungulira m'maŵa ndi masana kukhudza ana pamphumi. Mayi aliyense asanapite kumunda amuuze ngati mwana sadagone bwino, ndipo ampatse chilolezo chopita naye kwa alangizi osadikira kuti eni ake aŵeruke. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chachitatu, monga tili ndi thumba la maliro, tikhale ndi thumba la ulendo wa ku chipatala, loti lilipire njinga yamoto usiku. Ndi chinthu chomvetsa chisoni kuti ndalama ya bokosi imasonkhedwa m'maola aŵiri, pamene ya njinga idasoŵa dzulo lake.

Chachinayi, kamodzi pa miyezi itatu tiziitana alangizi a zaumoyo ku msonkhano wathu kuti atiphunzitse, ndipo tidziŵe masiku amene kachipatala ka m'mudzi kamatsegulidwa. Mankhwala akasoŵa, tipite pamodzi ndi mafumu kukanena kwa oyenera, mwaulemu koma mosaopa.

Chachisanu, atsogoleri athu pamodzi ndi abusa akakhale pansi ndi oyang'anira maesiteti, kukambirana za malo osungirako ana pafupi ndi minda, nthaŵi yoyamwitsa, ndi chilolezo chopita ku sikelo popanda mayi kuopa kuti ntchito imthera. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi wolembedwa ntchito masabata 8 a tchuthi cha uchembere ndi malipiro ake, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kuyambira 2021 bambo nayenso ali ndi masabata aŵiri. Ambiri sadziŵa zimenezi, tiŵauze.

Kwa inu abambo amene mwabwera kudzatisangalatsa, tikuti zikomo, ndipo tili ndi pempho limodzi. Musakhale ngati bambo wa ku Sunemu amene adatumiza mwana kwa amake iye napitiriza kukolola. Muuzeni mkazi wanu lero lomwe kuti mwana akadwala inu kulibe, asadikire kuti mubwere kudzalamula. Ndipo kubereka mwana kunka naye ku sikelo sikuchotsa ulemu wa mwamuna.

MAU OTSIRIZA

Amayi anzathu, pamene Mose adaikidwa m'kabokosi pakati pa mabango, adapulumuka chifukwa mlongo wake adaima chapatali ndi kuyang'anira. Mtsikanayo adalibe mphamvu pamaso pa Farao, koma adali pafupi, adali maso, ndipo nthaŵi itakwana adalankhula msanga. Ntchito imene tikupemphana lero ndi yomweyo.

Zovala zoyerazi anthu a m'makomboni adazoloŵera kuziona pa tsiku la maliro. Tiyeni chaka chino azione pa khomo la mayi wapakati, m'chikuta, pa mzere wa sikelo, ndi pa msewu wa ku chipatala usiku tili ndi mwana wa mnzathu kumbuyo. Ndipo tikadzakomananso chaka chamaŵa, Ambuye akalola, mlembi wa mpingo uliwonse adzatiŵerengere ana amene adabadwa m'dera lake, ndi angati mwa iwo amene ali moyo.

Mulungu adalitse Mvano, adalitse alangizi a zaumoyo, anamwino ndi madokotala athu, ndipo asunge ana athu.